Wailesi, Tabuleti ndi Choko M'makalasi a Ana Aang'ono

Kuphunzitsa ana a Sitandade 1 mpaka 4 pogwiritsa ntchito wailesi, matabuleti ndi zipangizo zina zamakono kunabwera m'Malawi muno chifukwa cha vuto lodziwika bwino la kuchuluka kwa ana m'kalasi. Boma litachotsa fizi ku pulayimale mu 1994, ana olembetsa sukulu anachuluka m'chaka chimodzi chokha kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Aphunzitsi, zipinda ndi mabuku sizinachuluke pa liwiro lomwelo. Unduna wa Zamaphunziro umafuna kuti mphunzitsi mmodzi aziphunzitsa ana 60, koma m'makalasi a pansi si zachilendo kupeza ana oposa 100 atakhala pa simenti kapena pansi pa mtengo, onse akuyang'ana munthu mmodzi wogwira choko.

Ntchito ya makalasi amenewa ndi yaifupi poitchula koma yolemetsa poichita. Mwana ayenera kudziwa kuti chilembo chilichonse chili ndi liwu lake, kuti maliwu akaphatikizana amapanga maphatikizo, ndipo maphatikizo ndiwo amapanga mawu. Ayeneranso kuzindikira kuti 7 wolembedwa pa bolodi ndi yemweyo amene wamuwerenga pa timiyala tili m'manja mwake. Mphunzitsi amalemba ma, me, mi, mo, mu, amaloza ndi kandodo, kalasi yonse n'kuyankhira pamodzi mokweza mpaka kumveka kumsewu. Wodutsa panja angati ana onse akuwerenga. Komatu m'gulumo muli ambiri amene akungotsatira mawu a anzawo: pakamwa pakuyenda, maso ali kwina. Mphunzitsi sangawamve mmodzimmodzi. Akati amvetsere mwana aliyense kwa mphindi imodzi yokha, phunziro la mphindi 30 litha asanafike n'komwe pakati pa kalasi. Mwana wotereyu amabwereza kalasi, kapena amakwera, popanda wodziwa pamene akulepherera. Lipoti limene Banki Yaikulu pa Dziko Lonse inatulutsa pamodzi ndi mabungwe ena mu 2022 linati m'maiko a kum'mwera kwa chipululu cha Sahara, ana pafupifupi 9 mwa 10 alionse amafika zaka 10 asakutha kuwerenga ndi kumvetsa kankhani kosavuta.

Choncho chipangizo chilichonse cholowa m'kalasi yotere chiyenera kuonetsa ntchito imene chabwerera, ntchito yoti mphunzitsi payekha sangaithe. Mbiri ya zaka 50 zapitazi ikuonetsa kuti zipangizo zimene zinapatsidwa ntchito yomveka zinathandiza, pamene zimene zinangogawidwa zinathera m'makabati.

Wailesi ndiyo inatsogola. Njira yophunzitsira pa wailesi, yoti ana aziyankha ndi kuchita zinthu phunziro lili m'kati, inayambira ku Nicaragua m'zaka za m'ma 1970 pa phunziro la masamu, mothandizidwa ndi akatswiri a ku yunivesite ya Stanford. Ku Zambia inafika mu 2000 ndi pulogalamu ya Learning at Taonga Market, imene poyamba inkafikira ana amene sanali pa sukulu. M'Malawi muno pulogalamu ya Tikwere inayamba kumveka pa wailesi ya MBC mu 2008 ndi thandizo la USAID. Inayambira Sitandade 1 kenako n'kufika Sitandade 2 ndi 3. Sukulu zinalandira mawailesi opukusa ndi dzanja, osalira mabatire ogula kugolosale.

Phunziro la pa wailesi lotere limasiyana kwambiri ndi nkhani wamba. Mphunzitsi wa pa wailesi amafunsa funso, n'kukhala chete kwa masekondi angapo kuti ana ayankhe. Amapempha mphunzitsi wa m'kalasi kuti alembe mawu akutiakuti pa bolodi, kapena aitane mtsikana mmodzi ndi mnyamata mmodzi kuti abwere kutsogolo. Pakati pamalowa nyimbo, kasewero ndi kuwomba m'manja, popeza mwana wa zaka 6 sangakhale phee kwa theka la ola. Phindu lina, limene anthu salitchula kawirikawiri, limapita kwa mphunzitsi weniweniyo. Pomvera tsiku ndi tsiku mmene phunziro labwino limayambira, mmene limagawira nthawi ndi mmene limapatsira mpata atsikana ndi anyamata mofanana, nayenso amatolapo luso popanda kupita kumaphunziro apadera.

Wailesi ili ndi malire ake. Imalankhula koma siimva. Mwana akayankha molakwa, iyo imangopitirira. Ikati phunziro liyamba nthawi yakuti, siidikira kalasi imene yachedwa chifukwa cha mvula kapena mzere wa phala. Madera ena a m'mapiri imagwira movutikira. Komabe mtengo wake pa mwana aliyense ndi wotsika zedi, ndipo sukulu zitatsekedwa mu Malichi 2020 chifukwa cha mliri wa Covid-19, maphunziro a makalasi a pansi anabwereranso pa wailesi pomwepo, chifukwa ndicho chipangizo chimene chinkapezeka m'midzi yambiri.

Nkhani ya makompyuta inayenda njira ina, ndipo chitsanzo chake chachikulu chili ku Peru. Mu 2005 Nicholas Negroponte wa ku yunivesite ya MIT analengeza ntchito ya One Laptop per Child, yofuna kupatsa mwana aliyense wa m'maiko osauka kalaputopu kotsika mtengo. Ganizo lake linali lakuti mwana akakhala ndi kompyuta m'manja adzadziphunzitsa yekha. Dziko la Peru linagawa malaputopu oposa 800,000. Mu 2012 akatswiri a banki ya Inter-American Development Bank anatulutsa kafukufuku wa m'sukulu za kumidzi zoposa 300, ndipo anapeza kuti patatha miyezi 15 ana anali atadziwa kugwiritsa ntchito makompyutawo, koma pa mayeso a masamu ndi a chilankhulo panalibe kusintha. Zifukwa zake sizovuta kuziona. Zimene zinali m'makompyutawo sizinkatsatira silabasi mwadongosolo, ndipo aphunzitsi ambiri sanaphunzitsidwe mokwanira kuti adziwe poziika m'phunziro lawo. Ndalama zochuluka zinapita pogula chipangizo, zochepa zedi zinapita pa funso lakuti mwana achite nacho chiyani Lolemba m'mawa.

Matabuleti amene ali m'sukulu za m'Malawi lero anachokera ku ganizo losiyana ndi limenelo. Mapulogalamu ake amapangidwa ndi bungwe la ku Britain la onebillion, ndipo anayamba kulowa m'sukulu mu 2013 kudzera m'ntchito ya Unlocking Talent, imene bungwe la VSO linkayendetsa pamodzi ndi Unduna wa Zamaphunziro. Tabuleti yotere ilibe intaneti, ilibe masewera ena, ndipo mwana sangatulukemo n'kupita kwina. Muli maphunziro a kuwerenga ndi masamu okhaokha, olankhula Chichewa, osanjidwa kuyambira pa chinthu chosavuta kwambiri kupita m'tsogolo.

Kuti ntchito yake imveke, n'kofunika kuona mmene mphindi 30 za mwana zimayendera. Gulu limalowa n'kukhala pa mkeka, aliyense tabuleti yake pamiyendo, mahedifoni kumakutu. Chodabwitsa choyamba kwa mlendo ndi bata lake, popeza ana omwewo amene amafuula m'kalasi amakhala zii, kungomveka tizala tikugogoda pa galasi. Mawu a mphunzitsi wa m'tabuletiyo amaonetsa kaye chochita, mwachitsanzo kukoka mango atatu n'kuwaika m'dengu. Mwana amayesa. Akakhoza, pamatuluka chizindikiro chomuyamikira nthawi yomweyo. Akaika anayi, tabuleti siimulola kupitirira, imamubwezera kuti ayesenso, ndipo palibe mnzake womuseka chifukwa palibe waona. Mwana wapafupi naye akhoza kukhala ali kutsogolo kwambiri, akuphatikiza manambala, wina akadali pa kusiyanitsa chachikulu ndi chaching'ono. Apa ndi pamene pali phindu lenileni la chipangizochi. M'theka la ola mwana mmodzi amafunsidwa mafunso ambirimbiri a msinkhu wake n'kuuzidwa pompopompo ngati wakhoza, pamene m'kalasi ya ana 100 akhoza kutha sabata yathunthu osalozedwa ngakhale kamodzi.

Umboni wake unayamba ndi kafukufuku wa Nicola Pitchford wa ku yunivesite ya Nottingham, wochitikira pa sukulu ina ya pulayimale mumzinda wa Lilongwe ndipo anasindikizidwa mu 2015. Ana a Sitandade 1 mpaka 3 anagawidwa m'magulu atatu. Gulu loyamba linkagwiritsa ntchito tabuleti yokhala ndi pulogalamu ya masamu kwa mphindi 30 patsiku kwa masabata 8. Gulu lachiwiri linapatsidwanso tabuleti koma yopanda masamuwo. Lachitatu linkaphunzira mwa masiku onse. Pamapeto pake ana a gulu loyamba, makamaka a Sitandade 2 ndi 3, ndiwo anakhoza bwino masamu kuposa anzawo. Gulu lachiwiri lija n'lofunika kulikumbukira, chifukwa ndilo linaonetsa kuti kungogwira tabuleti sikuphunzitsa mwana masamu. Chophunzitsa ndi zimene zaikidwamo ndi mmene zasanjidwira.

Mu 2019 bungwe la onebillion linagawana mphotho ya Global Learning XPRIZE, ya madola 10 miliyoni, ndi gulu lina lotchedwa Kitkit School, atayesa mapulogalamu awo m'Chiswahili kwa miyezi 15 m'midzi ya chigawo cha Tanga ku Tanzania. Mu 2023 boma la Malawi linayamba ntchito ya BEFIT, mogwirizana ndi mabungwe a Imagine Worldwide, onebillion ndi VSO. Inayambira m'sukulu 500, ndipo cholinga chake n'chofikira ana a Sitandade 1 mpaka 4 m'sukulu zonse za boma za pulayimale, zimene zili pafupifupi 6,000. Kusiyana kwa ntchito yoyeserera ndi ntchito ya dziko lonse n'kwakukulu. Pa sukulu imodzi ya mumzinda, imene ofufuza amaiyendera pafupipafupi, tabuleti ikavuta imakonzedwa msanga. Pa sukulu ya kutali, yoti mvula ikagwa galimoto siifika, zonse zimatsalira mphunzitsi wamkulu ndi anzake.

Ndiye nkhani imabwerera kwa mphunzitsi. Pali mantha amene amamveka m'zipinda za aphunzitsi akuti makina adzawalanda ntchito, ndipo palinso chiyembekezo cholakwika cha akuluakulu ena chakuti matabuleti akachuluka aphunzitsi ochepa akwanira. Zonse ziwirizi zikuiwala zimene zimachitika pa mkeka paja. Mwana wa Sitandade 1 amavala mahedifoni mozondoka, amagogoda paliponse kuti aone chotuluka, amasuzumira kwa mnzake n'kumuyankhira, kapena amangogona chifukwa wabwera wosadya. Woona zonsezi ndi mphunzitsi amene akuyendayenda pakati pa ana. Nthawi ya matabuleti ikasanduka nthawi yoti mphunzitsi akhale pakhomo n'kumachonga makope, phindu lake limachepa kwambiri. Chinanso, zimene mwana wachita pa tabuleti ziyenera kukumana ndi zimene akuphunzira m'kalasi. Ndondomeko ya kuwerenga ya National Reading Programme, imene inayamba mu 2016, ili ndi dongosolo lake la maliwu ndi maphatikizo m'mabuku a ophunzira. Mphunzitsi wodziwa zimene zili m'tabuleti amatha kukumbutsa ana kuti liwu limene akuliona pa bolodi ndi lomwe lija analimva m'mahedifoni dzulo. Wosadziwa amaphunzitsa zake, tabuleti zake, mwana n'kumaona ngati ndi maphunziro awiri osiyana. N'chifukwa chake luso limeneli liyenera kuyambira kusukulu zosulira aphunzitsi, osati kudikira maphunziro a masiku awiri ku TDC, malo ophunzitsirako aphunzitsi a m'dera, zipangizo zitafika kale.

Ku Kenya kunachitika kafukufuku wothandiza kuunikira funso la amene ayenera kugwira chipangizo. M'dera la Kisumu anayerekeza njira zitatu: kupatsa ana zipangizo zowerengera mabuku, kupatsa aphunzitsi matabuleti, ndi kupatsa matabuleti alangizi oyendera sukulu okha. Sukulu zonsezi zinali ndi mabuku ndi maphunziro a aphunzitsi ofanana. Ana anapita patsogolo pa kuwerenga m'magulu onse atatu mosasiyana kwenikweni, koma njira ya alangizi ndiyo inali yotsika mtengo koposa. Ntchito ya dziko lonse ya Tusome itayamba mu 2015, matabuleti anapita kwa alangiziwo, kuti akalowa m'kalasi azilembamo mmene phunziro layendera, aziyesa ana angapo kuwerenga, ndi kukambirana ndi mphunzitsi zimene aona. Ku Malawi ntchito yofanana ndi imeneyi ndi ya a PEA, alangizi oyendera sukulu za pulayimale. Izi sizikutsutsa matabuleti a ana. Zikungoonetsa kuti ndalama zikachepa, tabuleti imodzi m'manja mwa munthu woyendera sukulu khumi ndi zingapo ikhoza kusintha zambiri.

Pali zinthu zimene galasi silingaphunzitse. Kutsata chilembo ndi chala pa tabuleti kumathandiza mwana kudziwa kumene chilembocho chimayambira ndi kumene chimathera, koma sikulimbitsa zala kuti zigwire pensulo. Zimenezo zimafuna sileti, kope, ngakhale kulemba pa mchenga. Aphunzitsi a m'Malawi anaphunzitsidwa kale njira ya TALULAR, yopanga zipangizo zophunzitsira kuchokera ku zinthu zopezeka pafupi, monga zitsekerero za mabotolo, njere, timitengo tomanga m'mitolo ya khumikhumi ndi makatoni olembapo zilembo. Mwana amene wamasula mtolo wa timitengo khumi ndi manja ake kuti achotsepo titatu amamvetsa kuchotsera mwa njira imene chithunzi chokha sichingamupatse. Kufotokoza nthano, kudikira mnzako amalize kulankhula, kufunsa funso pagulu, zonsezi zimaphunziridwa mahedifoni atavulidwa. Dziko la Sweden, limene linalowetsa matabuleti ngakhale kusukulu za mkaka, linasintha maganizo mu 2023 n'kuika ndalama zambiri pa mabuku osindikizidwa ndi kulemba pamanja. Vuto la ku Sweden linali kuchulukitsa, zimene zili kutali ndi mwana wa ku Nsanje kapena ku Chitipa wogwira tabuleti kwa theka la ola basi. Komabe n'zothandiza kudziwa kuti ngakhale kumene magetsi ndi ndalama sizisowa, buku la pepala analibwezeretsa pamalo pake.

Funso la chilankhulo nalo silinathe. Chichewa n'chosavuta kuphunzitsira kuwerenga chifukwa chimalembedwa monga mmene chimatchulidwira, ndipo pulogalamu yolankhula Chichewa imamuyendera bwino mwana wa ku Dedza kapena ku Ntcheu. Mwana wa ku Rumphi amene kwawo amalankhula Chitumbuka, wa ku Mangochi wolankhula Chiyao, kapena wa ku Nsanje wolankhula Chisena, amayamba wamasulira kaye malangizo asanayambe ntchito yeniyeniyo. M'kalasi mphunzitsi amatha kutembenukira ku chilankhulo cha m'deralo akaona nkhope zasokonezeka. Tabuleti siiona nkhope. Mofananamo, mwana wovutika kumva sapindula mokwanira ndi phunziro lodalira mahedifoni, ndipo wovutika kuona amafuna zilembo zazikulu ndi munthu wokhala naye pafupi.

Kwatsala nkhani ya kayendetsedwe, imene siikoma kuikamba pa mwambo wopereka zipangizo koma ndiyo imapha kapena kuchiritsa ntchito yonse. Sukulu zambiri za kumidzi zilibe magetsi a ESCOM, choncho matabuleti amatchajidwa ndi sola. Pamafunika mapanelo padenga, mabatire, ndi kabati yachitsulo yokhoma imene matabuleti amagonamo akutchajidwa. Mapanelo akachita fumbi m'chilimwe mphamvu imachepa, ndipo masiku a mitambo motsatizana amafuna batire lolimba. Sola pamudzi wopanda magetsi imakopa anthu ofuna kutchaja mafoni, ndipo imakopanso akuba. Apa ndi pamene komiti ya sukulu, mafumu ndi gulu la amayi amakhala ofunika, popeza iwo ndiwo amagwirizana za mlonda ndi kuteteza katunduyo nthawi ya holide.

Kugawa nthawi ndi masamu akenso. Mwachitsanzo, sukulu ikakhala ndi ana 600 m'makalasi anayi a pansi ndipo matabuleti ali 60, ndiye kuti pakufunika magulu 10. Gulu lililonse likatenga mphindi 30, matabuletiwo agwira ntchito maola 5 osapuma, kusawerengera nthawi yogawa, yotolera ndi yopukuta mahedifoni. Koma ana a Sitandade 1 ndi 2 amaweruka msanga. Mphunzitsi wamkulu ayenera kusankha phunziro loti lipereke mpata, ndi kupeza woyang'anira ana otsala m'kalasi pamene anzawo ali pa matabuleti. Matabuleti 10 akawonongeka osakonzedwa, dongosolo lonselo limasokonekera, ana amayamba kugawana tabuleti imodzi awiriawiri, ndipo phindu lija loti aliyense aziyenda pa liwiro lake limatayika.

Zimene zimawonongeka msanga si matabuletiwo ayi, koma tizinthu tating'onoting'ono: nthambo za mahedifoni zimene ana amakoka ndi kutafuna, pobayira chaja, ndi magalasi osweka. Batire la tabuleti ndi la sola lomwe limafooka pakapita zaka zingapo. Choncho mtengo weniweni wa ntchitoyi suthera pa kugula koyamba, kumene nthawi zambiri amalipira ndi mabungwe othandiza. Umaphatikizapo amisiri a m'boma lililonse otha kukonza, njinga yamoto yowafikitsa kusukulu, zida zosinthira zosungidwa pafupi, malo otayirako mabatire akutha kuti ana asamaseweretse, ndi ndalama za m'bajeti ya Unduna zogulira matabuleti atsopano pamene oyambawo atha ntchito.